Chimene Dailesi Anavumata

Khalani pansi mumve, koma munthu wa m'nkhani ino musamumvere chisoni. Dzina lake ndi Lufeyo. Ali moyo mpaka lero, ndipo palibe anamumenyapo ngakhale khofi limodzi.

Masiku amenewo Lufeyo ankagwira ntchito kwa bwana wina wa kunyanja amene ankagwira mbuna zamoyo n'kumazitumiza kunja pa ndege. Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, tongotalika ngati chala cha munthu wamkulu, timene asodzi akatipeza mu ukonde amangotiponyera amphaka. Koma mutationa tili moyo m'madzi, simungafune kuphethira. Yamphongo imakhala yabuluu ngati nsalu yongotuluka m'sitolo, mizere yakuda itatsika m'nthiti, ndipo pa chipsepse cha kumunsi, pafupi ndi mchira, pamakhala timadontho tachikasu tonga mazira. Yaikazi ilibe matama, imangokhala yotuwa, ina yofiirira ngati dothi. Tsiku lonse zimakhalira kupala ndere pa miyala ndi timano tawo. Yamphongo iliyonse ili ndi mwala wake, inzake ikayandikira ndiye ndewu. Ikachita mantha mtundu uja umazima pomwepo, nsomba n'kukhala ngati phulusa.

Yaikazi ikaikira mazira siwasiya pansi. Imawatola onse n'kuwavumata. Masabata atatu imayenda itatseka pakamwa, kukhosi kutatupa, osadya kanthu, mimba italowa m'kati, mpaka tiana titakhwima. Ku shedi ya bwana uja, kumene ankasungira nsombazo m'mathanki, sankadikira kuti nsomba ilavule yokha. Lufeyo ndiye ankatsegula pakamwa pa zazikazi ndi kamtengo ka nsungwi n'kukhutulira tiana m'beseni. Ankaidziwa ntchitoyo. Ankadziwanso kuti ukafulumira umakhutula tinthu tosatha kusambira, ndipo pofika madzulo timakhala titayera tonse, titafa.

Ntchito yake ina inali ya m'boti. Mlamu wake Faisoni, mchimwene wa mkazi wake Dailesi, ndiye ankatsika pansi pa madzi ndi kaukonde, atavumata payipi ya mpweya. Lufeyo ankatsala pamwamba kuyang'anira makina opopa mpweyawo ndi kumasula payipi. Panali lamulo limene aliyense ankalidziwa. Nsomba ya pansi kwambiri suikweza tsiku limodzi. Amaiika m'diramu yobowolabowola n'kumakoka chingwe pang'ono lero, pang'ono mawa, masiku atatu. Ukaithamangitsa, maso amatong'oka, matumbo n'kutulukira pakamwa. Munthunso chimodzimodzi, ayenera kukwera akuimaima m'njira.

Faisoni anali munthu wa nthabwala, ndipo ndiye anamupezera Lufeyo ntchitoyo.

"Alamu," ankatero akuvala magalasi ake a m'madzi, "inu nyanja mumaidziwira m'kapu basi. Tsiku lina mudzatsikeko, mbuna zidzakuoneni nkhope. Zimandifunsa kuti kodi amene amakupemerera mpweya wonunkha fodya uja ndani."

Lufeyo ankaseka, koma mawuwo ankawasunga.

Dailesi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi pabanja, kawiri konse atapita padera, ndipo iyi ndiyo mimba yoyamba kukhazikika. Lufeyo ankamufuna mwanayo, zimenezo n'zoona. Anali atasoketsa kale kamatiresi. Koma dzanja lake linali lopepuka. Loweruka lina anamumenya Dailesi chifukwa cha malaya osasitidwa, mpaka mayiyo anagwera pa mtondo.

Lamulungu m'mawa Faisoni anabwera. Sanakalipe. Anagwira dzanja la Lufeyo pabwalo, amayi a nyumba zoyandikana akuona, n'kulipinda pang'onopang'ono mpaka mwini dzanja anagwada pa mchenga.

"Alamu, dzanja ili ndi lija?" anafunsa. "Mukadzamukhudzanso mlongo wangayu, ndidzabwera ndi amalume. Tidzamutenga ndi mimba yomwe. Mwana ameneyu ndi wa kwathu, inu mudzangomva kuti anayamba sukulu."

Amayi aja anaseka m'zitenje.

Lachiwiri anapita awiriwiri ku mwala wina wa kutali, kumene kunali mbuna za buluu wakuya, zokhala pansi mamita makumi atatu. Kunali zii, dzuwa lili pamutu, nyanja yosalala ngati mbale. Faisoni anatsika. Thovu lake linkatumphuka m'mbali mwa boti, makina akulira bwinobwino. Lufeyo anayang'ana payipi ili pafupi ndi phazi lake. Anaipinda n'kuiponda.

Ankafuna kungomuopseza. Anadziuza kuti awerenga mpaka khumi. Payipi ya mpweya ukaiponda imagunda pansi pa phazi ngati mtsempha, ndipo munthu wa pansi akayamba kukoka, umamva kukoka kulikonse m'mwendo mpaka m'chiuno. Lufeyo anafika pa khumi. Anakumbukira kuseka kwa amayi aja. Anapitiriza kuwerenga.

Faisoni anatumphuka patali pang'ono ndi boti, atakwera mamita onse aja kamodzin'kamodzi. Pomwe Lufeyo ankamukokera m'kati, m'mphuno munali mukutuluka thovu lofiira. Anangoyang'ana phazi la mlamu wake, ndipo anamwalira akuliyang'anabe.

Kumtunda Lufeyo anati makina anazima okha. Anthu anakhulupirira, chifukwa makinawo anali akale. Ndipo imvani ichi, kuti mudziwe mtima wa munthuyu. Maliro ali m'kati, iye ankazemba m'mawa uliwonse kupita ku mwala uja kukakweza diramu imene Faisoni anaisiya pansi. Anaikweza mwaulemu, masiku atatu, monga mwa lamulo. Nsomba zonse zinafika zamoyo, ndipo bwana anamuyamikira.

Zinthu zinayamba mwakachetechete.

Ku shedi thanki iliyonse inali ndi kapayipi kake ka mpweya, ndipo tsiku lonse munkamveka phokoso la thovu, moti munthu unkaliiwala. Tsiku lina masana phokosolo linaduka pa thanki imodzi. Lufeyo anapeza kapayipi katapindidwa. Anakawongola. Asanafike pakhomo, thanki ina inakhala chete. Kenako ina.

"Ndani akusewera ndi mapayipi?" anafunsa kapitao.

"Mwina makoswe, bwana."

"Khoswe wopinda payipi n'kuyang'anira kuti isawongoke? Iwe Lufeyo, wayamba kumwa masana?"

Kapitao yemweyo ndiye anaona chinthu chachiwiri. Mbuna za ku mwala uja zinkawala bwino wina aliyense akadutsa. Akadutsa Lufeyo, zonse zinkazima, n'kuima chilili m'madzi zitayang'ana pansi, kumene kunali mapazi ake. Kuyambira pamenepo kapitao anasiya kudyera naye m'mbale imodzi.

Patatha sabata chiikire maliro, Dailesi anapita ku mjigo masana n'kubwerako wopanda ndowa. Analowa m'nyumba, natenga chingwe cha thumba la ufa, n'kumangapo mfundo makumi awiri ndi imodzi. Anachizinga pa dzanja lake. Lufeyo atafika anamupeza atakhala pa mkeka, milomo itagwirana.

"Nangondo, madzi osamba ali kuti?" anafunsa Lufeyo, akumuitana ndi mfunda wake.

Chete.

"Ndikulankhula ndi iwe."

Mayiyo anangoloza pakamwa pake, napukusa mutu.

Sanadye tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Madzi sankamwa, ankangoviika mapazi m'beseni. M'mawa uliwonse ankamasula mfundo imodzi. Pa tsiku lachinayi Lufeyo anaona kuti chitenje chayamba kumulendewera m'chiuno. Mimba ija inkaphwa. Koma pansi pa chibwano pankatupa, ndipo nthawi zina nsagwada zake zinkayenda pang'onopang'ono, ngati munthu wotembenuza kanthu ndi lilime mosamala kuti kasasweke.

Anaitana Abiti Saizi, mzamba wa nyumba yachitatu kuchokera pa iwo, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankagulitsanso zitumbuwa.

"Mwandiitana lero?" anatero akulowa. "Tsiku munamugwetsera pa mtondo lija bwanji simunandiitane?"

Anagwada, nasisita mimba ya Dailesi mbali zonse. Anaikapo khutu. Anakhala nthawi yaitali.

"Muno mulibe munthu," anatero.

"Wapitanso padera?"

"Mwaona magazi inu? Ndati mulibe munthu."

Kenako anasendeza khutu lake pakhosi pa Dailesi. Sanachedwepo. Anadzuka, napukuta khutulo ndi nsonga ya chitenje, n'kukokera Lufeyo panja.

"Tsiku anasiya ndowa lija ndinamuona," anatero motsitsa mawu. "Anaima pa njira ya ku mjigo, pa mtengo wa mpoza paja, akumvetsera munthu wina. Mwamuna. Anali atandifulatira, ndiye nkhope sindinaione. Anavala kabudula yekha. Dzuwa lonse lija, iye madzi ali chuchuchu. Nditadutsa pambuyo pake ndinapeza mchenga uli wouma."

"Anali ndani?"

"Musandifunse zimene mukuzidziwa. Ine ndikukuuzani chimodzi. Mkaziyu musamukhudze. Musamukakamize phala, musamukakamize mawu. Chingwe chija chikatha, zidzatha. Mwamva, kapena ndinene m'Chiyao?"

"Ndamva, mayi."

Masiku otsatirawo pakhomo panayamba kubwera mlendo. Ankabwera dzuwa likafika pamutu, nthawi imene Lufeyo ankabwerera kunyumba kudzapuma. Poyamba nkhuku zinkasiya kupalasa n'kukabisala pansi pa nkhokwe. Kenako kunkamveka chinthu chikukhwekhwerezeka pa mchenga, chachitali, chonyowa, kuzungulira nyumba. Chinkaima pa zenera. Chinkaima pa chitseko, ndipo pansi pa chitsekocho pankalowa kamphepo kozizira konunkha ndere. Sichinkagogoda. Chinkamveka ngati chikununkhiza. Dailesi ankatembenukira kukhoma, manja onse awiri atatseka pakamwa, mpaka chitachoka.

Lufeyo anasuzumira kamodzi kokha pa mng'alu wa chitseko. Anaona bwalo lili mbee ndi dzuwa, koma pakati pa bwalolo kuwala kunkagwedezeka monga kumachitira pa miyala ya pansi pa nyanja. Sanasuzumirenso.

Chinthucho sichinkafuna iye. Anazindikira zimenezo msanga. Tsiku lina chinamupeza panja, chinamuzungulira kawiri, miyendo yake n'kuchita dzanzi ndi kuzizira, kenako chinamusiya n'kupita kumene kunali mkeka wa Dailesi. Chinali kufunafuna kanthu kena kake ka Lufeyo, ndipo sichinkakapeza.

Sabata yachiwiri itatha, Dailesi anali ataonda mpaka mafupa a m'mapewa kuonekera. Koma maso ake anali owala, ndipo mlendo uja anayamba kuchedwa. Ankazungulira nyumba kamodzi m'malo mwa katatu. Tsiku lina anangofika pa nkhokwe n'kubwerera.

"Chikutopa," anatero Abiti Saizi, amene tsopano ankabwera m'mawa uliwonse kudzamupukuta Dailesi ndi kansalu konyowa. "Limba mwana wanga. Zatsala mfundo zingati? Zisanu? Ndiye zatha kale izi."

Lufeyo anamva mawu amenewo. Sangadzanene kuti sanawamve.

Koma panali china chimene chinkamudya. Dailesi ankamuyang'ana. Akalowa, maso aja ankamutsata. Akavula nsapato, maso aja ankatsikira ku mapazi ake n'kukhala pomwepo. Lufeyo anayamba kuganiza kuti munthu wa pa mpoza uja ananena chiyani. Munthu wakufa akabwera kwa mlongo wake, angabwere kudzanena chiyani china, ngati si dzina la amene anamupha? Anayamba kuona kuti chimene chadzaza m'kamwa mwa mkazi wake ndi mawu, ndipo mfundo zija zikuwerenga masiku a iye.

Lolemba kunabwera uthenga wochokera kumudzi kwa Dailesi. Amalume ake amva za matendawo, ndipo afika Lachisanu ndi abale ena awiri. Lufeyo anawerenga mfundo zotsala pa dzanja la mkazi wake. Zinkathera Lachisanu lomwelo.

Lachiwiri sanapite ku ntchito. Anakhala pansi pafupi ndi mkeka.

"Nangondo," anatero mofatsa, "achimwene ako anakuuza chiyani?"

Mayiyo anapukusa mutu.

"Ngati pali nkhani, tiikambe awiri. Ya m'nyumba ithere m'nyumba. Amalume akafika, ukufuna ukawauze chiyani?"

Dailesi anagwira dzanja lake. Analikokera pakhosi pake potupa paja, kuti amve. Lufeyo anamva kutentha, ndi kanthu kakugunda mofulumira kwambiri pansi pa khungu. Analanda dzanja lake ngati wagwira mbaula. Pansi pa mtima ankadziwa chimene wagwira. Koma mantha a munthu wolakwa ali ndi pakamwa pakulu, ndipo anamuuza kuti umenewo ndi mtsempha chabe.

Lachitatu, zitatsala mfundo ziwiri, anadikira kuti Abiti Saizi apite ku msika ndi zitumbuwa zake. Anatseka chitseko ndi mpiringidzo. Anatenga supuni.

"Ndikufuna ndingoona," anatero. "Ndingoona basi. Ukapanda kulimbana sizipweteka."

Dailesi anakwawira pa ngodya. Anagwada, naomba m'manja mwaulemu monga amachitira mkazi popempha, misozi ikutsika. Anakweza zala ziwiri, kumuonetsa masiku. Analozanso kamatiresi kaja, kamene kanali katapachikidwa pa mtanda wa denga.

Analibe mphamvu. Munthu wosadya masiku khumi ndi asanu ndi anayi amapepuka ngati mtolo wa udzu. Lufeyo anamugoneka chagada, bondo pa chifuwa, dzanja lamanzere litagwira mutu. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo. Sulimbana ndi mano akutsogolo. Umalowetsa m'mbali, n'kupotoza pang'ono, n'kutsitsa nsagwada ya m'munsi.

Panatuluka madzi. Anali ochuluka kuposa amene pakamwa pa munthu pangasunge, ozizira ngati a pansi penipeni, ndipo anadzaza pansi ponse mpaka kunyowetsa mkeka. M'madzimo munali kanthu. Lufeyo sanakaone bwino, ndipo zimene anaona sanauzepo munthu. Kanali kakang'ono, kosakhwima, ndipo kanalira kamodzi kokha, kamawu kochepa ngati ka mwana wa mphaka.

Nthawi yomweyo nkhuku panja zinakhala chete.

Sichinazungulire nyumba ulendo uno. Chinabwera molunjika, mothamanga, kuchokera ku njira ya kunyanja. Madzi onse a pansi aja anayamba kuyenderera ku chitseko, ngakhale kuti nyumbayo inapendekera kwina. Dailesi anadziponya chafufumimba, akukokolola madziwo ndi manja, akuyesa kuwabwezera m'kamwa. Anatola mchenga wokha. Zonse zinadutsa pansi pa chitseko, ndipo kukhwekhwerezeka kuja kunamveka kukutsika, kukuchepa, mpaka kunatha.

Mwamuna anali chiimire ndi supuni, mkazi atagona pansi. Kenako Dailesi anadzuka n'kukhala tsonga. Mawu ake atatuluka anali osasa, ngati a nkhalamba.

"Mwaona?" anafunsa.

Lufeyo anayang'ana supuni ili m'dzanja lake.

"Achimwene sananene za inu. Ngakhale dzina lanu sanalitchule. Anati, mlongo wanga, pansi paja pali eni ake, ndipo munthu akafera pa mwala wawo mwa njira ija, amatsatira boti kudzatenga wa m'nyumba ya amene anali m'botimo. Anati, ine ndawapempha, akana. Anati, mubise mwanayo mmene zimabisira nsomba zanga zija, masabata atatu, atopa abwerera."

Anamasula chingwe chija pa dzanja lake n'kuchiika pansi.

"Za payipi ndinazidziwa tsiku lomwelo. Munabwera kunyumba n'kutsuka phazi limodzi katatu. Ndinakhala chete chifukwa mwana amafuna bambo. Amalume ndikanawauza kuti ndinadwala malungo."

"Nangondo," anatero Lufeyo.

Dailesi anagwira khoma, naimirira, n'kuchotsa mpiringidzo pa chitseko. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo Abiti Saizi anali kubwera chothamanga, dengu la zitumbuwa atalitaya m'njira. Dailesi anaima pakhomo, osacheuka.

"Ndikanalankhula Lachisanu," anatero. "Ndinkafuna ndikuuzeni kuti ndi mtsikana."